Bwato la Mapasa la a Hosea Mbao

A Hosea Mbao sankakhulupirira chinthu chimene sanachiyese. Mukawapatsa mpando, ankayamba aukankha ndi bondo, kenaka n'kukhalapo ndi thako limodzi. Mukawagulitsa nkhwangwa, ankatema nayo chitsa cha pakhomo panu pomwepo inu mukuona. Kwathu ku Chinzombo anthu ankanena kuti ngakhale a Anastasia anawakwatira atawaonerera kaye akusenza mtolo wa nkhuni kuchokera kudambo mpaka kumudzi osatula. Izo sindinazione ndi maso anga, koma ndi a Hosea sindingazikane.

Anabadwira cha ku Jumbe, chaka chimene palibe anachilemba. Kusukulu ya mishoni anapitako sabata imodzi, ndiye poyerekeza ndi iwo, ine wa Sitandade 2 ndine profesa. Kusema mabwato anaphunzira kwa amalume awo, ndipo kumtsinje kuno anabwera pa chikamwini, atanyamula nsompho ndi mphasa basi. Boma litapatula tsidya lija la Luangwa kuti likhale la nyama zokhazokha, a Gemu, oyang'anira nyamazo, anawalemba ntchito yowolotsa asikauti olondera nyama ndi ufa wawo. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wouma pakamwa ngati chikwanje chosanola. Mukati, "Mwaswera bwanji, a Mbao?" ankayamba ayang'ana mtsinje, ngati yankho lichokera kumeneko.

Kachitidwe kawo kanali kamodzi. Bwato lililonse latsopano ankalitengera ku dziwe lakuseri kwa mudzi, kumene mtsinje unkadutsa kale usanasinthe njira. Ankalidzaza matumba a mchenga, popeza miyala kuno n'njosowa, n'kulemba ndi khala pamene madzi alekeza, n'kulisiya tsiku lathunthu. Asodzi ankadandaula kuti nsomba zikutha iwo akudikira mchenga ukwere bwato. Koma pa zaka sate panalibe bwato la a Hosea limene linadya munthu, ndipo odandaula omwewo ndiwo ankabweranso.

Iwo ndi a Anastasia anabereka ana sikisi. Asanu anaikidwa asanamere mano onse. Anatsala Ennie yekha, mtsikana wamakani ngati amake, amene anakwatiwa ndi sikauti wina wofatsa, Jairos Sakala. Chaka chotsatana ndi cha ufulu, Jairos anatumizidwa kukakhala pa kampu yaing'ono tsidya lija, ya nyumba ziwiri, ndipo Ennie anamutsatira ali ndi pakati poyamba. Mwana woyamba kwathu kuno amabadwira kwa amake a mkazi, aliyense akudziwa. Amake anatumiza mawu katatu kuti abwere mvula isanakhwime. Ennie anayankha kuti abwera ikatha Khrisimasi, akaona kuti mwamuna wake ali ndi ndiwo zouma zokwanira. Chikondi cha banja latsopano, inu mukuchidziwa, chimagontha makutu.

Khrisimasi isanathe n'komwe, mtsinje unadzaza usiku umodzi. Luangwa ya dzinja si ija mumaiona mu Okutobala, ya mchenga yoti ana akuwoloka atakwinya makabudula. Imakhala yofiira, yotambalala moti munthu wa tsidya lina amaoneka ngati chiswe, ndipo imayenda ndi mitengo yathunthu, mizu m'mwamba. Bwato la mtengo umodzi likagundidwa ndi mtengo wotero limatembenuka ngati chipande. Dzinja lapitalo asodzi awiri anapita choncho, ndipo anapezeka mmodzi. Mawu samveka kuwoloka madzi amenewo, ndiye Jairos anali atapangana ndi anzake a kuno kuti m'mawa uliwonse aziomba mfuti. Kamodzi ndiye kuti onse ali bwino. Kawiri ndiye kuti bwerani.

Bwana wa Gemu, mzungu wina wamtali amene dzina lake tinkalipotoza mpaka ndinaliiwala, ndiye anabweretsa nzeru ya mapasa. Anati kunyanja ya mchere kuli mabwato a matupi awiri amene satembenuka wamba. Anajambula pamchenga ndi ndodo, anapereka matabwa, n'kunyamuka ulendo wa ku Chipata msewu usanatsekeke. A Hosea anayang'ana chithunzicho mpaka nkhuku zinachifufuta. Kenaka anasema mabwato awiri a mbawa, ofanana msinkhu ngati ana a mimba imodzi, n'kuwagoneka moyandikana, mitanda itatu pamwamba, matabwa pamwamba pa mitanda. Misomali anaikana, anati ing'amba mbawa. Panafunika zomangira.

Apa ndi pamene analowerera Kopolo Benson, mkulu wa asikauti a tsidya lino, munthu wa ndevu zopotana amene ankadziwa chilichonse asanachimve. Anabwera ndi malamba a chikopa cha njati mtolo wonse.

"Madala, mukufunanso chiyani? Chikopa ichi njovu ikhoza kukoka, osaduka."

Ndipo sananame. Kuno timamanga zonse ndi chikopa: ng'oma, mabedi, misampha, zogwirira mfuti. Chikauma chimagwira ngati chitsulo. Koma bwato la mtengo umodzi lilibe pomanga, ndiye kuyambira makolo palibe amene anamangapo chikopa pa chinthu chokhala m'madzi. A Hosea anakoka lamba mmodzi ndi manja, anamuluma ndi mano, anavomera. Anamanga masiku awiri, ndipo Lamulungu madzulo mapasa anali atatha.

Lolemba m'mawa, cha m'ma sikisi koloko, mfuti inalira kawiri.

A Anastasia anafika kudooko mudzi usanamalize kuwerenga kulirako. Anali atamanga kale mtolo wa nsalu, lumo latsopano ndi mphika waung'ono, kumbuyo kwawo kukubwera a Judith, azamba a m'mudzi mwathu. Anapeza amuna awo akuuza anyamata kuti anyamule bwato, osati kupita nalo kumtsinje, koma kudziwe.

"Atate a Ennie, mtsinje uli uku."

"Ndikuudziwa kumene uli."

"Nanga mfuti simunaimve? Kapena makutu nawonso mukufuna kuwayesa kaye?"

"Ndaimva, amake Ennie. Bwato ili silinalawepo madzi."

"Lilawa tikuwoloka!"

"Limene lilawe lero ndi la mchenga. Anthu mawa."

A Anastasia anali mayi wathupi, wa mawu oti akaitana nkhuku za kwawo zinkabwera ndi za eni ake. Tsiku limenelo sanakuwe. Anakhala pansi pa mtolo wawo n'kunena motsitsa, "Ndaika asanu, a Mbao. Munakumba ndinu." A Hosea anaima pang'ono, msana uli kwa akazi awo, kenaka anatsatira bwato.

Mudzi wonse unapita kudziwe, ine ndili kutsogolo, popeza zoterezi sindikonda kumva kwa anthu. A Hosea anadzaza matumba, thumba lililonse n'kulitchula dzina. Ili ndine. Ili ndi Kopolo, wopalasa mnzanga. Ili ndi a Judith. Awa awiri ndi amake Ennie. Anthu anaseka, ngakhale kusekako kunali kwa m'mphuno. Kenaka anadzaza lina, n'kuwonjezamo manja awiri a mchenga, n'kuligoneka pakati penipeni mosamala ngati dzira. Limenelo sanalitchule, ndipo palibe anafunsa.

Anapalasa ndi Kopolo kuzungulira dziwe kanayi. Anayesa kukhota kumanja, anayesa kumanzere. Anasunthira matumba onse mbali imodzi kuti aone ngati thupi linalo linyamuka, silinanyamuke. Anaitana anyamata atatu kuti adumphedumphe pamatabwa ngati akuvina, bwato linangogwedeza mutu. Linali bwato labwino, abale, loyenda mowongoka, lokhazikika ngati khonde la sitolo. Kopolo anatsika akupotokola ndevu.

"Mwaona, madala? Naini koloko ino. Tikanyamuka tsopano, teni tili tsidya."

"Likhale m'madzi."

"Mpaka liti?"

"Mpaka dzuwa lipendeke."

Analemba ndi khala pa matupi onse awiri, n'kukhala pansi pa mtengo wa mchenja, maso pa bwato. Anthu anayamba kumwazika, ena akutukwana chapansipansi. Ine ndinanena mawu tsiku limenelo amene sindiwalemba pano. A Judith anapita kukapalira. A Anastasia anatsala kudooko, akuyang'ana tsidya.

Cha m'ma thu koloko, amene tinatsala tinamva kulira ngati kwa chitseko chakale. Mizere ya khala inali pamalo pake, bwato silinamwe madzi. Koma mpata wa pakati pa matupi awiri aja unali utakula. A Hosea analowa m'madzi mpaka m'chiuno, ng'ona osaziganiza, n'kugwira lamba mmodzi. Chikopa chija chinali chitafewa ngati matumbo a mbuzi, chala chinkalowa pansi pake mosavuta. Anakankha thupi limodzi ndi dzanja, kamodzi kokha, monga funde laling'ono lingachitire. Mtanda wakutsogolo unaterereka, mapasa anatsegula miyendo, matabwa anapendekeka, ndipo matumba anatsetsereka limodzilimodzi kulowa m'madzi. Lija la pakati ndilo linayamba.

Palibe anaseka. Kopolo Benson anavula chipewa, ndipo ndikuuzani, ndevu zija zinagwa ngati za mbuzi yonyowa. A Hosea anamira, anavuula thumba lopanda dzina lija, analikokera kumtunda n'kulikhazika pouma. Enawo anawasiya momwemo.

Tsopano panafunika chingwe chimene chimalimba chikanyowa, ndipo chimenecho ndi cha khungwa la mlambe. Koma chingwe cha mlambe sichigulidwa. Umasenda khungwa, umalipuntha, umalekanitsa ulusi, umapota pantchafu, kenaka n'kupotanso zitatu pamodzi. Cha mitanda itatu pa matupi awiri ndi ntchito ya masiku. Mudzi wonse unagwira, ngakhale aja otukwana. Amuna ankasenda, amayi tinkapota mpaka ntchafu zinasupuka. Kopolo anapuntha makungwa ngati akupuntha mlandu wake.

Lachiwiri mfuti inalira kawiri. Lachitatu inalira katatu, chinthu chimene sanapanganepo, ndipo aliyense anachimasulira yekha mumtima.

M'mawa umenewo a Anastasia anapita kudooko n'kuyamba kukoka okha bwato laling'ono la asodzi. Analifikitsa m'madzi ndithu. Atafuna nkhafi, anapeza palibe ndi imodzi yomwe. Amuna awo anali atazisonkhanitsa zonse za m'mudzi n'kuzikhalira pamene ankapota chingwe.

"Ndipatseni nkhafi."

"Simudziwa kusambira, amake Ennie."

"Ndiye ndiwolotseni inu. Zaka sate mukuwolotsa ufa wa eni, mwana wanu yekha ndiye mukumuopera madzi?"

"Laling'ono lija silifika pakati."

"Mwaliyesa?"

Funso limenelo linawalasa, tonse tinaona. Manja anaima pantchafu. Koma anati, "Linayesedwa chaka chatha, ndi ana a eni ake awiri," n'kupitiriza kupota.

"Mwana wanga akafa tsidya lija," anatero a Anastasia, "mudzandiike ine m'thumba, mudzandilembe ndi khala."

Lachinayi m'mawa zingwe zinali zitamangidwa, ndipo mfuti sinalire konse. Tinadikira mpaka seveni, mpaka eyiti. Kopolo anaomba yake kufunsa, tsidya kunali zii. Apa ngakhale ine ndinaganiza kuti munthuyu tsopano awoloka, pakuti mtima wa munthu uli ndi polekezera. Anadzazanso matumba. Kopolo anawagwira mkono.

"Madala, chingwe cha mlambe tonse tikuchidziwa."

"Chikopanso tonse tinkachidziwa."

Bwato linakhalanso m'dziwe tsiku lonse, a Hosea ali pansi pa mchenja womwe uja, osadya. Ola lililonse ankalowa m'madzi kukakankha matupi aja ndi phewa. Zingwe zinkangolimbirabe. Dzuwa litapendeka analitulutsa, analinyamulitsa kupita kumtsinje weniweni, n'kupalasa ndi Kopolo ndi mchenga wawo m'mbalimbali, kukwera ndi kutsika, kulowetsa mphuno m'mkokomo n'kubwerera. Atakocheza anangoti, "Mawa kukacha."

Lachisanu anakwera anayi: a Hosea, Kopolo, a Judith ndi a Anastasia, amene anakhala pakati atafumbata mtolo wawo, osayang'ana amuna awo. Anayambira kumtunda kwambiri kuti madzi akawatsitse molunjika kampu. Tinawaona akuchepa mpaka tinasiya kusiyanitsa mitu. Za tsidya ndinazimva kwa a Judith, amene sawonjezera nkhani ngati ine.

Jairos anawachingamira pagombe. Ataona apongozi ake anapatuka panjira monga mwa ulemu, anagwada patali, nkhope kumbali. A Anastasia anamudutsa kuthamangira m'nyumba. Ennie anali moyo, atagona pamphasa, milomo yoyera. Matenda a pakati aja anamuyamba Lolemba, anavutika masiku awiri, ndipo anachira Lachitatu m'mawa, pali amuna awiri okha amene chimene ankadziwa ndi kusenda nyama. Kanali kamwana kakamuna. Kanalira pang'ono, kanakana bere, ndipo Lachinayi kusanache kanasiya kupuma. Jairos sanaombe mfuti chifukwa sanadziwe kuti zoterozo aombe kangati. Kamwanako sanakaikenso m'manda, chifukwa khanda lotere saika amuna. Anakakulunga m'shati yake ya yunifolomu n'kudikira akazi.

A Judith anati akaike komweko. Ennie anakana. "Kuno kuli afisi, amama. Ndipite naye kwathu."

Pobwerera anali asanu, ndi kamtolo kaja m'manja mwa a Anastasia. Ennie anamugoneka pamatabwa. Ali pakati pa mtsinje, ife tikuona kuchokera kuno, kunatsika mtengo waukulu wa mkuyu, nthambi zili m'madzi. Anaupewa thunthu, koma nthambi imodzi inakola thupi lakumanzere n'kulizungulitsa bwato lonse kawiri ngati lichero. Amayi kuno anayamba kukuwa. Thupi limodzi linakwera, linalo linamira mpaka pakamwa, mitanda inalira moti a Judith akuti anaimva m'mano. Zingwe zinagwira. Nthambi inathyoka, mtengo unapitirira, ndipo anakocheza kumunsi kwa dooko, pa minda ya fodya, onse ali m'bwato.

Pagombe panalibe kulira maliro, chifukwa khanda losatuluka m'chikuta salilira. Amayi akuluakulu analandira kamtolo kaja n'kulowera nako kuthengo, a Anastasia ali pakati pawo. Ena tinanyamula Ennie. Podutsa pamene panaima atate ake anatsegula maso.

"Atate, mwabwera."

"Ndabwera, mayi."

"Ndinkamva mfuti ya a Jairos. Ndinkati mwina simukuimva."

Mwamuna saloledwa kutsatira kumene amayi aja anapita, ndiye a Hosea anatsala pamadzi, akugwiragwira mfundo za zingwe imodziimodzi, ngakhale zonse zinali zolimba.

Mudzi unagawikana, ndipo mpaka lero ukadali wogawikana pakati pa amene atsala. Ena amati a Mbao anapulumutsa anthu asanu. Ena amati anapha mdzukulu ndi mchenga. Ine ndanenapo zonse ziwiri, malinga ndi amene ndakhala naye pamphasa. Ennie anachira, anadzabereka ena anayi, onse kwa amake, ndipo woyamba mwa iwo sanamutche Hosea. A Anastasia anapitiriza kuwaphikira amuna awo ndi kuwachapira, koma dzina loti atate a Ennie silinatulukenso pakamwa pawo. Anangokhala a Mbao, ngati mlendo wodzagula fodya. Bwato la mapasa linagwira ntchito madzinja sikisi, linawolotsa ufa, asikauti, njinga, odwala, ngakhale mwana wa njovu wamasiye, osataya ndi chipewa chomwe. Kopolo Benson ankauza alendo kuti nzeru ya chingwe cha mlambe inali yake.

A Hosea anamwalira chaka chimene malo a nyama aja anayamba kutchedwa paki, chifuwa chitawagwira miyezi itatu. Kutatsala milungu iwiri ndinakawaona. Ndinawapeza pakhonde atafunda bulangete masana, ndipo poti pakamwa panga sipanaphunzire ulemu, ndinafunsa chimene mudzi wonse unkaopa kufunsa.

"A Mbao, mukanawoloka Lolemba lija, bwenzi zitatani?"

Ndinkayembekeza kuti anena za mkuyu uja, kapena za matumba omira, monga ankawanenera anthu owaikira kumbuyo. Anatsokomola nthawi yaitali.

"Chikopa chinafewa thu koloko," anatero. "Tinachiika m'madzi seveni. Kuwoloka ndi ola limodzi."

Ndinawerenga pa zala, ine wa Sitandade 2, ndipo ndinaona chimene ankatanthauza. Akananyamuka m'mawa uja, a Judith ndi a Anastasia akanafika kwa Ennie zomangira zikadali zouma, masiku awiri mwana asanabadwe.

"Koma inu simukanadziwa," ndinatero.

"Sindikanadziwa. Ndinadziwa thu koloko."

"Amake Ennie munawauza?"

"Anawerenga okha, tsiku lomwelo, ali kudooko."

M'nyumba munamveka mbale zikugundana. A Anastasia anatuluka ndi phala m'kapu, analiika pambali pa amuna awo, anawakonzera bulangete paphewa pamene linatsetsereka, n'kubwerera m'nyumba.